Magalasi a ba Sefite

Alamu anga a Stanislaus Sakala anali ndi zida zonse zodzitetezera pa ntchito, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo m'komboni yonse ya Buchi munalibe wowotcherera zitsulo wina wowaposa pa zimenezi. Vuto linali lakuti zidazo zinkakhala m'kabati ya pabalaza, pamodzi ndi makapu a alendo, eni ake ali panja m'mbali mwa msewu kuwotcherera mageti atavala mapatapata.

Ine ndine Cynthia, mng'ono wa akazi awo a Rosemary. Ndimakazinga zitumbuwa tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi kashedi kawo ka malata, choncho zimene ndikunenazi si zakumva. Ndaziona ndekha kwa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo zambiri mwa zakazo ndinkaseka.

Alamu anabadwira konkuno ku Kitwe. Bambo awo anachokera ku Katete kudzalowa mgodi, nagwira mpaka chifuwa chinawatulutsa, ndipo anamwalira akutsokomola fumbi la mwala. Mwana anatsata mapazi a bambo, koma iye anaphunzira kuwotcherera, nalembedwa ndi kampani ina ya makontilakita imene inkakonza mapaipi pansi pa mgodi. Popeza pakamwa pawo sipatopa, anzawo anawasankha kuti m'mawa uliwonse, asanatsike pansi, aziwakumbutsa za chitetezo. Anawapatsa mphindi zisanu. Iwo ankatenga makumi awiri. Dzina loti ba Sefite, ndiye kuti a Chitetezo, linachokera kumeneko, ndipo mpaka lero ngakhale ansembe a kuparishi amawatchula choncho.

Chaka chimene kampani inachepetsa antchito, alamu anali atangolandira kumene zida zatsopano kusitolo ya kuntchito. Analandira Lolemba, kalata inabwera Lachisanu. Mawu omaliza a kalatayo anali akuti zinthu zikadzayenda bwino adzawaitananso. Anzawo onse anadziwa kuti amenewo ndi mawu ongotsanzikira, monga mmene umauzira mlendo kuti abwerenso. Alamu okha ndi amene anawatenga ngati lumbiro. Anafika kunyumba, natulutsa mbale za a Rosemary m'kabati, nayalamo zida zija. Kampaniyo inapakira n'kuchoka kalekale, ndipo pamene panali ofesi yake pano amatsukirapo magalimoto, koma musayerekeze kuwauza zimenezo.

Zidazo ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo monga Mkatolika wa pamtima ankazitcha masakramenti a munthu wa ntchito. Mlendo aliyense wolowa m'nyumba muja ankayamba waphunzira katekisimu ameneyu asanapatsidwe madzi akumwa. Helemeti yachikasu, yoteteza mutu ku miyala. Magalasi oyera otchinga maso mpaka m'mbali. Timphira totseka m'makutu. Chotchinga mphuno chokhala ndi zosefera ziwiri. Magolovesi achikopa ofika m'zigongono. Ovololo ya mizere yonyezimira. Jombo zokhala ndi chitsulo kutsogolo. Ankafotokoza chilichonse ntchito yake, ngozi yake, ndi dzina la munthu amene anapunduka chifukwa chosachivala. Ankanena zoona zokhazokha, ndipo akanakhala mphunzitsi ana onse akanakhoza. Pomaliza ankatseka kabati ndi kiyi n'kubwerera ku ntchito chimanjamanja.

Sindikunena kuti sankazivala. Ankazivala ndithu, koma pa masiku aakulu. Helemeti inkapita ku maliro a anzawo a mumgodi, yopukutidwa mpaka ntchentche kuterereka. Magolovesi ankanyamulira mtanda pa Lachisanu Loyera. Nthawi ya Covid, anthu tonse titavala tinsalu pakamwa, iwo analowa m'tchalitchi ndi chotchinga mphuno chija, nkhope ngati ya nkhumba, ana n'kuthawira kwa amayi awo. Tsiku limene akuchimuna anabwera kudzakambirana za ukwati wa mwana wawo Deborah, anawalandira atavala ovololo ndi jombo, kunja dzuwa likuswa mtengo, kuti alendowo adziwe kuti akulowa m'banja la munthu wa mumgodi. Timphira ta m'makutu tokha ndi timene tinagwira ntchito yeniyeni, chifukwa ankatitseka a Rosemary akayamba kulankhula.

Koma magalasi sanatulukepo m'pepala lake la pulasitiki. Amenewo ngakhale ku maliro sankapita.

"Aya yamakandika msanga," ankatero. "Manje bakaniitana nizayenda na magalasi yokandika? Foromani azakamba chani?"

Ndiye muone mmene ankagwirira ntchito. Powotcherera ankagwira kachidutswa ka galasi lakuda kamene anakamata pa katoni, ndipo katoniyo ikasowa ankangotembenuza nkhope n'kutsinzina. Popala zitsulo ndi galainda, makina aja ozungulira amene amathetheka moto, sankavala chilichonse. Ankangofinya maso. Ankati iwo amadziwa kutsinzina pa nthawi yake, kuti diso la munthu wozolowera limathamanga kuposa chitsulo. M'mawa wina uliwonse ankadzuka maso ali psuu, misozi chuchuchu, n'kugona chagada pa benchi ataika mbatata yodula pa zikope. Mbatata zake ankatenga kwa ine, ndipo ndinkawafunsa ngati ndiwonjezere mchere ndi tomato.

Diso lakumanzere linapita zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Kachitsulo kanalowa Lachiwiri, iwo anakachiza ndi mbatata ndi mkaka mpaka Loweruka, ndipo pofika kuchipatala linali litachita kale mtambo. Dokotala, mayi wachifatse, anawauza mosabisa kuti latsala limodzi, ndipo limenelo likapita palibe sitolo yogulitsa lina. Anawafunsa ngati amadziwa za magalasi otetezera maso. Kunali kuputa mavu. Alamu anamufotokozera mitundu yonse, a fumbi, a mankhwala, a moto, a galainda, mpaka dokotalayo ananena kuti pali odwala ena panja. Pobwerera mu minibasi ankadzitama kuti amuphunzitsa dokotala ntchito.

Kuyambira pamenepo m'nyumba muja nkhani inali imodzi, ya diso lakumanja. A Rosemary analankhula mpaka mawu anasasa. Deborah, amene amasoka zovala kumsika ndipo ndi mwana yekhayo amene anatengera liuma la bambo ake, anapita kumsika wa Chisokone nakagula magalasi ena ndi ndalama zake. Alamu anawatembenuza uku ndi uku, kufunafuna chidindo.

"Aya ni ya feki, mwana wanga. Yalibe namba. Ine wa Sefite ningavale vinthu vilibe namba? Bantu bazaniseka."

Anawapachika pa msomali, ndipo akadali pomwepo, akangaude anamangamo. Ogula kumsika sangavale chifukwa si enieni. Enieni sangavale chifukwa ndi a ku mgodi. Ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, koma alamu anga anamanga yawo n'kuiika mabagalabazi, zitsulo zija za m'mawindo zotchinga akuba.

Tsiku lina ndinawafunsa bwinobwino, popanda nthabwala. Kunalibe magetsi, tonse tinangokhala, ndipo ndinawapatsa zitumbuwa ziwiri zaulere kuti pakamwa pafewe. Ndinati alamu, kodi mukaphula pepalalo chingachitike n'chiyani? Anatafuna nthawi yaitali.

"Ba mulamu, apa pa msewu nili chabe pa waiting. Si nchito iyi. Nikavala va mugodi pano, ndiye kuti navomela."

Sanamalize kuti avomera chiyani, ndipo ine sindinafunse. Ndinawamvera chisoni tsiku limenelo, koma chisoni changa sichikhalitsa, makamaka kwa munthu amene patangotha ola limodzi magetsi atabwera anayatsa galainda nkhope ili pamtunda.

Ukwati wa Deborah unaikidwa Loweruka lomaliza la Ogasiti. Mnyamata wake ndi Manasseh, wa ku Luangwa, woyendetsa minibasi ya ku Ndola, munthu waulemu amene mpaka lero amakhulupirira kuti apongozi ake ali pa tchuthi chachitali. Alamu analengeza kuti mphatso yawo idzakhala chipata chachitsulo chopindika pamwamba, choti achikulunge maluwa, akwati adutse pansi pake potuluka m'tchalitchi. Anati chotero sichinaonekepo mu Buchi, ndipo kunena zoona manja awo ndi aluso. Anapinda timasamba, timitima, ndi nkhunda ziwiri pamwamba.

Deborah atabwera kudzachiona anachiyang'ana kuyambira pansi mpaka pa nkhunda. Kenaka anati, "Adadi, chipata n'chabwino. Koma ine chimene nifuna n'chakuti muzanione pa Saturday. Diresi nasoka neka, miyezi itatu. Valani magalasi chabe sabata ino. Sabata imodzi."

"Nizakuona, iwe. Na diso imodzi nimaona kuchila aba bonse bali na yabili."

Sabata imeneyo magetsi anatizunza. Lolemba sanabwere, Lachiwiri anangolawitsa. Lachitatu anabwera cha m'ma 14 hours, ndipo msewu wonse unadzuka nthawi imodzi, ometa, ogaya, a mafiriji. Alamu anali atatsala ndi kupala mfundo za pamwamba, pamene pali nkhunda. Anagoneka chipata pa mabenchi awiri, nakoka waya wa galainda akuthamanga, chifukwa palibe ankadziwa kuti magetsiwo akhala nthawi yotani.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinaphula chiwaya, ndinawoloka msewu, ndinalowa m'nyumba. A Rosemary anali kukhitchini ndi amayi a mphakati akusankha mpunga wa ukwati. Ndinati akulu, kiyi wa kabati. Anandiyang'ana, natulutsa kiyi wachiwiri amene anasulitsa mobisa zaka zapitazo koma analibe mtima womugwiritsa ntchito. Ndinatsegula, ndinatenga magalasi aja akadali m'pepala lake, ndinapita nawo kushedi n'kuwasendeza pamphuno pa eni ake.

"Valani."

Anazimitsa galainda. Sanayang'ane ine, anayang'ana zala zanga.

"Mwebantu! Na mafuta ya vitumbuwa! Ba mulamu, mwagwila na mafuta!"

"Valani, alamu. Mwana wapempha."

Ananditsomphola magalasiwo, napukuta pepalalo ndi malaya awo, mbali iyi ndi mbali iyo, akuliunika padzuwa. Ndinkaganiza kuti mwina aling'amba. Anayang'ana uku ndi uku, nawaika pamwamba pa khoma, kutali ndi pogwirira ntchito. Anaganizanso, navula chipewa chawo chansalu n'kuwavundikira, kuti moto wa galainda ungawathethekere. Magalasi anatetezedwa bwino kwambiri tsiku limenelo, ndipo palibe woyang'anira chitetezo akanapezapo chifukwa.

"Five minutes chabe," anatero. "Yendani, vitumbuwa vizapsa."

Ndinawatukwana, sindibisa. Ndinawauza kuti ndi chitsiru chokhala ndi satifiketi, ndipo ndinawoloka msewu mtima ukuwira. Ndinali nditangobwezera chiwaya pa mbaula pamene phokoso la galainda linasintha. Linalira mopanda ntchito, ngati likuzungulira m'malere, kenaka linazima. Panalibe kukuwa. Nditacheuka ndinawaona atakhala pansi m'fumbi, miyendo tambalale, dzanja lili pa diso lakumanja.

Ndinathamanga. Pakati pa zala pankatuluka madzi osakanikirana ndi magazi.

"Ni kanthu kang'ono," anatero, mawu ali pansipansi. "Muli na mbatata?"

Mbatata sindinawapatse. Ndinaimitsa takisi yoyamba imene inadutsa, ndinatsitsa munthu amene analimo, ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti anali ndani.

Kuchipatala anawalowetsa tsiku lomwelo. Anachotsa kachitsulo kochepa kuposa njere ya mpunga, nasoka. Lachisanu dokotala anatiitana ine ndi a Rosemary pakhonde. Anali mayi yemwe uja wa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo anawakumbukira. Sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale ine ndikanakhala iye ndikananena mpaka kawiri. Anati chitsulocho chinalowa mkati kwambiri. Bala likapola mwina azidzasiyanitsa usana ndi mdima, koma nkhope ya munthu ayi. A Rosemary anagwira khoma.

Alamu atauzidwa anafunsa ngati angapite ku ukwati. Dokotala anati angathe, kwa maola ochepa, malinga ngati disolo litchingidwa bwino, chifukwa mphepo ya Ogasiti imanyamula fumbi ndipo bandeji yokha siikwana. Anatembenukira kwa a Rosemary.

"Kunyumba muli nawo magalasi otchinga mpaka m'mbali? Ngati mulibe mukhoza kugula mutauni."

Akulu anga anaseka. Ndawadziwa moyo wanga wonse, koma kuseka kumeneko ndinali ndisanakumvepo, ndipo sindikufuna kudzakumvanso.

Loweruka m'mawa tinawaveka alamu suti yobwereka kwa mlamu wawo wina wa ku Ndola. Anafunsa za helemeti, a Rosemary anati akangoitchulanso aiponya m'chimbudzi. Kenaka akulu anga anatenga magalasi aja, amene ine ndinawachotsa pakhoma Lachitatu madzulo chipewa chikadali pamwamba pake. Pepala linali lolimba, zaka khumi ndi chimodzi lisanatsegulidwe. Analing'amba ndi mano. Alamu anamva phokosolo, natembenuzira nkhope kumeneko. A Rosemary anawaveka pamwamba pa bandeji, nakonza kumakutu. Anawakwana bwino kwambiri.

M'tchalitchi ntchito yanga inali yokhala pambali pawo. Anayenera kumuperekeza mwana mpaka kuguwa, koma zinatembenuka, Deborah ndi amene anawagwira pamkono n'kuwayendetsa pang'onopang'ono, akuwanong'oneza pamene pali sitepe. Anthu a mu Buchi sasunga mawu. Ndinamva wina kumbuyo akuti lero ba Sefite bavala, wina n'kuseka, wina n'kumuletsa. Ndinafuna kutembenuka kuti ndimulalatire, koma ndinakumbukira kuti nthabwala ya mchere ndi tomato inali yanga.

Atawakhazika pa benchi anandikodola ndi chigongono.

"Ba mulamu, niuzeni. Aoneka bwanji?"

Ine pakamwa panga sipasowa mawu, msika wonse ungachitire umboni, koma apa ndinavutika. Ndinawauza kuti diresi ndi loyera, lalitali mpaka kukwekwa pansi, manja ake a lesi, m'chiuno muli timikanda timene anasokerera kamodzikamodzi. Ndinati tsitsi wamanga m'mwamba ngati mmene ankamangira amayi ake ali mtsikana. Ndinati akumwetulira, ngakhale kuti sankamwetulira, ankangocheukira kuno.

"Timikanda twa kala bwanji?"

"Twasiliva."

Anagwedeza mutu. "Nanga chipata?"

Chipatacho anachimaliza ndi mnzawo wina wowotcherera wa ku Ipusukilo, amene anabwera ndi magalasi ake a kumsika opanda nambala. Ndinawauza kuti chaima pakhomo, achikulunga maluwa, anthu akujambulitsapo, ndipo nkhunda zonse ziwiri zikuoneka.

"Mfundo ya pamwamba anapala bwino?"

"Anapala."

Kwaya inayamba nyimbo yotulukira, anthu anaimirira, nthungululu zinadzaza tchalitchi. Akwati anadutsa pafupi nafe, diresi linakhudza bondo la bambo ake, ndipo iwo anatambasula dzanja mochedwa, linagwira mphepo. Ndinaona madzi akutsika pansi pa bandeji, kudzera m'mphepete mwa magalasi, mpaka pa kolala ya suti yobwereka. Ndinakwiya, ndinawamvera chisoni, ndipo ndinalira, zonse nthawi imodzi.

Tchalitchi chitayamba kuchepa anthu, anakweza manja onse awiri, nagwira magalasi aja m'mbali ndi nsonga za zala, mosamala, monga ankachitira powaonetsa alendo. Anaweramira kwa ine.

"Ba mulamu, yang'anani bwino. Siyanakandike?"

Ndinayang'ana. Dzuwa la pawindo linkawala pa iwo, ndipo ndinadziona nkhope yanga m'menemo.

"Ayi, alamu," ndinatero. "Alibe ndi kachipsera komwe. Akadali atsopano."